NTCHITO ZA MANJA PA BANJA: Nsomba za Pepala Zosambira M'malere

Mwezi uno pa tsamba lathu tikambirana za chokongoletsera cha m'nyumba chimene sichilira ndalama, koma chimalira kudekha ndi zala zofatsa. Ichi ndi chokongoletsera chopachika kudenga, chopangidwa ndi mapepala opinda, timitengo ndi ulusi. Mukachipanga bwino, tinsomba, kabwato ndi kambalame ka pepala timalenjekeka m'malere, ndipo kamphepo kakangoloŵa pa zenera tonse timayamba kuzungulira pang'onopang'ono monga zichitira nsomba m'madzi odekha.

Mwina wina afunsa kuti, "Kodi mkulu wa mpingo wasoŵa nkhani kuti atiphunzitse kuseŵera ndi mapepala?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndiliyankha ndisanapite patali. Sukulu zikatsekera tchuthi cha Khirisimasi, ana athu amakhala pakhomo masabata angapo opanda chochita chenicheni. Kuno kunyanja, kuyambira ku Malembo, Chembe ndi Monkey Bay mpaka ku Namiasi, Malindi ndi Makanjira, mwana wosoŵa chochita sakhala pakhomo ai, amatsikira ku doko. Kumeneko amathandiza asodzi kapena kuyanika usipa pa thandala, nalandira kandalama. Mwana amene walaŵa ndalama ya pa doko ali ndi zaka khumi zokha, kubwerera m'kalasi mu Januwale kumamuvuta, ndipo aphunzitsi a m'boma la Mangochi amadziŵa maina amene amaleka kuyankha poitana m'kaundula teremu yachiŵiri ikayamba. Pamwamba pa izi, m'mabanja ambiri abambo ali ku Joni, amai atanganidwa ndi geni ndi munda, ndipo madzulo maso a aliyense ali pa foni. Pepala lopinda silingathetse umphaŵi, inde. Koma limakhazika kholo ndi mwana pa mphasa imodzi kwa ola lathunthu, ndipo pa ola limenelo mwana amaulula zakukhosi zimene sakadanena podya nsima.

Luso limeneli lidachokera kutali

Pepala lidayamba kupangidwa ku China. Mabuku akale a dzikolo amatchula Cai Lun, nduna ya kunyumba ya mfumu, kuti m'chaka cha 105 adaonetsa mfumu yake njira yopangira pepala kuchokera ku makungwa a mitengo, nsanza ndi maukonde otha ntchito. Ife a kunyanja tiyenera kumwetulira pakumva kuti ukonde wakutha wa msodzi udali m'gulu la makolo a pepala. Kuchokera kumeneko pepala lidafika ku Japan, kumene anthu adakonda kwambiri kulipinda, ndipo luso limeneli amalitcha origami, ndiye kuti kupinda pepala m'chinenero chao. Buku lakale lodziŵika lophunzitsa kupinda mbalame za pepala lidasindikizidwa kumeneko mu 1797. Pambuyo pake Akira Yoshizawa, amene adabadwa mu 1911 namwalira mu 2005, adakonza zizindikiro za timizere ndi timivi zosonyeza popinda. Mabuku ambiri amatsata zizindikirozo kufikira lero, kotero kuti munthu wosadziŵa Chijapani angathe kungoyang'ana chithunzi napinda.

Ku Ulaya, amene adaloŵetsa kupinda pepala m'maphunziro a ana aang'ono ndi Friedrich Froebel, mwana wa mbusa wa ku Germany. Iyeyu ndiye adayambitsa sukulu za mkaka zotchedwa kindergarten, dzina limene adalipereka mu 1840, ndipo tanthauzo lake ndi munda wa ana. Froebel adaona kuti mwana amamvetsa ngodya, theka ndi kota ndi zala zake asanazimvetse ndi mutu. Tsono nzeru yolenjeka zinthu pa timitengo tolinganizidwa bwino kuti ziziyenda zokha idatchuka ndi Alexander Calder, mmisiri wa ku America amene ankakhala ku Paris. Iye adayamba kupanga zosema zoyenda mu 1931, ndipo pambuyo pake adapanga zolenjekeka za waya ndi timalata zoyendetsedwa ndi mphepo yokha. Mnzake Marcel Duchamp adazitcha mobile, kutanthauza chinthu choyenda.

Komatu ifenso sitili alendo pa ntchito za manja. Aliyense woyenda pa mseu wochoka pa Boma kupita ku Monkey Bay amaona mikeka, madengu ndi zipeŵa za mlaza zili ndandanda. Anyamata athu amapanga magalimoto a waya popanda woŵaphunzitsa. Ngakhale amishoni a ku Scotland amene adafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala mu Okutobala 1875 sadabwere ndi mabuku okha. Pa gulu laolo padali mmisiri wa matabwa, wosula zitsulo ndi katswiri wa ulimi, ndipo Dr Robert Laws mwini wake adaphunzira umisiri wa matabwa ku Aberdeen asanakhale dokotala ndi mbusa. Sukulu zathu zidayamba ndi mutu ndi manja pamodzi. Amene amaŵerenga Eksodo 31 amakumbukiranso kuti luso la Bezaleli likutchulidwa kumeneko ngati mphatso yochokera kumwamba.

Mbalame chikwi chimodzi

Chokongoletsera chopachika chodziŵika koposa pa dziko lonse ndi mkanda wa mbalame za pepala 1,000. Anthu a ku Japan amapinda mbalame yamiyendo yaitali ndi khosi lalitali, yofananako ndi kakoŵa wathu, imene iwo amaitcha tsuru. Amazitunga pa ulusi nazipereka kwa wodwala pomufunira moyo.

Pa 6 Ogasiti 1945 bomba la atomiki lidagwa pa mzinda wa Hiroshima. Mu mzindamo mudali kamtsikana ka zaka ziŵiri dzina lake Sadako Sasaki. Iye adapulumuka tsikulo, nakula ngati ana ena onse, ndipo anali waliŵiro pa mpikisano wothamanga kusukulu. Koma patapita zaka pafupifupi khumi adapezeka ndi khansa ya m'magazi, nthenda imene idagwira ana ambiri a mu mzindawo chifukwa cha bombalo. Ali gone m'chipatala adayamba kupinda mbalame za pepala. Popeza pepala linali losoŵa, ankagwiritsa ntchito timapepala tokulungira mankhwala ndi tina totola m'zipinda za odwala anzake. Adamwalira pa 25 Okutobala 1955 ali ndi zaka 12. Anzake a m'kalasi adasonkha ndalama pamodzi ndi ana a sukulu zambiri, ndipo pa 5 Meyi 1958 chipilala cha ana chokumbutsa za mtendere chidatsegulidwa ku Hiroshima. Chaka ndi chaka mbalame za pepala mamiliyoni zimatumizidwa kumeneko kuchokera m'maiko ambiri.

Dziko la Japan si lachilendo kwa ife a ku Mangochi. Mlatho waukulu umene timaolokera Shire pa Boma udamangidwa ndi chithandizo chochokera kumeneko, ndipo achinyamata odzipereka a dzikolo adayamba kubwera kudzagwira ntchito m'Malaŵi mu 1971. Muŵafotokozere ana anu mbiri ya Sadako pamene mukupinda. Adzaona kuti mwana wodwala, wopanda chuma, adasiya chikumbutso chachikulu ndi timapepala totayidwa.

Zoyenera kusonkhanitsa

Choyamba ndi mapepala. Makalendala akale, magazini, nyuzipepala ndi zikuto za makope otha, zonsezi ndi zabwino. Pepala lolimbako ngati la kalendala limaposa lina chifukwa silifooka msanga ndi chinyezi cha dzinja. Sunganinso kabokosi ka sopo kapena ka tiyi.

Pali mapepala amene mwana sayenera kuŵakhudza, ndipo lamulo limeneli linenedwe ntchito isanayambe. Asathothole kope limene akulembamobe, kapena buku la sukulu limene ana ena adzaŵerenga chaka chamaŵa. Asatenge buku la kuchipatala, satifiketi, malisiti kapena makalata a malo. Aphunzitsi anzanga, tisapereke mapepala a mayeso okhala ndi maina ndi malikisi a ana a eni ake. Masamba a Buku Lopatulika kapena a buku la nyimbo, ngakhale atathothoka, si opinda nsomba. Ulemu womwewo tiupereke kwa anansi athu Achisilamu amene tikukhala nao m'midzi muno. Mwana akatola pepala lolembedwa m'Chiarabu, mwina lili ndi mau a m'Kurani, choncho akalipereke kwa iwo ndi manja aŵiri.

Chachiŵiri ndi timitengo titatu ta nsungwi yong'alula kapena bango louma: kamodzi ka masentimita 20, kena ka 30, kena ka 40. Tipalidwe bwino kuti tikhale topepuka ndi tosalala.

Chachitatu ndi ulusi. Ulusi wosokera zovala, ulusi wa ukonde wakutha, kapena luzi la mlambe lopota mopyapyala, zonse zimagwira ntchito. Koma pasapezeke wodula neti yotetezera udzudzu. Malungo ndi ochuluka m'dera lathu lino, ndipo neti ntchito yake ndi kugonamo. Kupha nayo nsomba, kutchinga nayo dimba kapena kuidula pofuna ulusi ndiko kugulitsa moyo wa mwana.

Chachinayi ndi zomatira. Sungunulani supuni imodzi ya ufa wa chinangwa m'kapu ya madzi ozizira, nimuŵiritse mukutakasa mpaka zikhale ngati phala lamadzimadzi. Pakani pang'ono pokha, pakuti mphemvu zimakonda phala limeneli.

Chachisanu ndi utoto. Amene alibe makrayoni asadandaule. Makala amapereka mtundu wakuda, chikasu chimapereka wachikasu, katondo amapereka wofiira, ndipo buluu wochapira zovala amapereka mtundu wa mbuna. Ngati utoto uli wamadzi, pakani pepala musanalipinde, nimuliyanike pamalo osalala. Pomaliza pafunika singano ndi sizasi. Lezala agwire wamkulu yekha.

Kudula sikweya

Nsomba imafuna pepala la mbali zinayi zofanana, limene kusukulu timalitcha sikweya. Pepala la mtundu wa A4 m'litali mwake ndi masentimita 29.7, m'lifupi 21. Gwirani ngodya imodzi yapamwamba, muipindire pansi mpaka mbali yaifupi igone ndendende pa mbali yaitali. Dulani kachigawo kotsala m'munsiko, koma musakataye. Mukatambasula mwapeza sikweya ya masentimita 21 mbali zonse. Phunzirani pa sikweya yaikuluyi. Manja akazoloŵera, iduleni panayi kuti mupeze timasikweya ta masentimita 10.5, pakuti tinsomba ting'onoting'ono ndito timazungulira bwino.

Kupinda nsomba

Poyamba, pindani sikweya kuchokera pa ngodya imodzi kufika pa ngodya yoyang'anana nayo. Tsindikani mzerewo ndi chikhadabo, nimutambasule. Chitani chimodzimodzi ndi ngodya ziŵiri zotsalazo. Tsopano pepala lili ndi mizere iŵiri yopingasana pakati.

Kachiŵiri, tembenuzani pepala kuti kumsana kukhale pamwamba. Lipindeni pakati kuti mbali yakumtunda ikumane ndi yakumunsi. Tsindikani, tambasulani, nimulitembenuzenso monga linaliri poyamba.

Kachitatu, gwirani pakati pa mbali yakumanzere ndi pakati pa mbali yakumanja, pamene pathera mzere wachitatu uja. Kokerani malo aŵiriwo m'kati kuti akumane. Mudzaona mbali yakumtunda ikugwa yokha pa mbali yakumunsi. Tsindikani. Mwapeza chinthu cha ngodya zitatu, nsonga yake kumtunda, chokhala ndi makutu aŵiri kumanja ndi aŵiri kumanzere, lina pamwamba pa linzake.

Kachinayi, tengani khutu lapamwamba lakumanja. Lipindireni kumanzere, mzere wopindawo uyambire pa nsonga yakumtunda, mpaka mapeto a khutulo atulukire m'munsi, kumanzere pang'ono kwa pakati. Tengani khutu lapamwamba lakumanzere, mulipindire kumanja mofananamo, kuti makutu aŵiriwo apingasane. Mapeto aŵiri otulukira m'munsiwo ndiwo mchira. Kadontho ka phala kagwirizitse makutuwo.

Kachisanu, tembenuzani, nimugoneke nsombayo cham'mbali. Nsonga ija ndiyo kamwa, ndipo makutu aŵiri amene simunapinde ndiwo zipsepse za pamsana ndi pamimba. Jambulani diso ndi mamba.

Mapindidwe ake ndi amodzi, koma utoto ndiwo udzanena ngati ndi chambo kapena mbuna. Apa ndi pamene agogo amene adapalasa bwato moyo wao wonse angaloŵerere. Afotokoze kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwima, ndiye chifukwa chake makoka ena amaletsedwa m'miyezi ya Novembala ndi Disembala. Ana adziŵe kuti Nyanja ya Malaŵi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo kuti dera la Cape Maclear lidakhala malo otetezedwa mu 1980, ndi kulembedwa ndi UNESCO mu 1984 pakati pa malo amtengo wapatali a dziko lonse. Adziŵenso kuti mu 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu ina ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pa ngozi yaikulu yakutha. Sitifuna kuti zidzukulu zathu zidzadziŵe chambo cha pepala chokha.

Bwato, nkhwazi ndi dzuŵa

Bwato silifuna sikweya. Tengani theka la pepala la A4, mulipinde pakati kuti mbali ziŵiri zazifupi zikumane, kopindako kukhale kumtunda. Pindirani ngodya ziŵiri zakumtunda pansi kuti zikumane pakati. M'munsi mutsala timalamba tiŵiri. Pindirani kamodzi m'mwamba kutsogolo, kena m'mwamba kumbuyo, ndipo mwapeza chipeŵa. Loŵetsani zala m'chipeŵamo, muchiyasamule mpaka mapeto ake aŵiri akumane, nimuchitsindike kuti chikhale kasikweya koima pa ngodya. Pindirani ngodya yakumunsi m'mwamba, ina kutsogolo ina kumbuyo. Yasamulaninso nimutsindike monga poyamba. Tsopano kokani nsonga ziŵiri zakumtunda, ina kumanja ina kumanzere, ndipo bwato latuluka. Ana ambiri amadziŵa kale mapindidwe ameneŵa, choncho muŵalole akuphunzitseni. Mwana amakondwa kwambiri tsiku limene waphunzitsa kholo lake.

Nkhwazi ndi mbalame imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu. Jambulani thupi lake cham'mbali pa kabokosi ka sopo kaja, mutu, thupi ndi mchira, nimudule. Mutu, chifuwa ndi mchira zikhale zoyera, mimba yofiirira. Boolani kampata kopingasa ka masentimita aŵiri pamsana. Tengani sikweya yopakidwa makala, muipinde kutsogolo ndi kumbuyo, kutsogolo ndi kumbuyo, m'timizere ta sentimita imodzi ndi theka, monga mapindo a siketi ya yunifolomu. Loŵetsani kamtolo kameneka pa kampata kaja mpaka pakati, nimutambasule mbali zonse ziŵiri. Ameneŵa ndiwo mapiko.

Dzuŵa limapangidwa ndi tizigawo totsala podula sikweya tija. Tengani titatu, mutipake chikasu kapena katondo, mutipinde kutsogolo ndi kumbuyo motsata mbali yaifupi. Matani mapeto a kamodzi ku chiyambi cha kanzake, ndipo potsiriza mulumikize mapeto onse aŵiri kuti pakhale mkombero. Tsindikirani mkomberowo pansi kuti ugone, mapindo onse akumane pakati, nimumate kapepala kozungulira pakatipo mbali zonse ziŵiri.

Polenjeka chilichonse mwa izi, yambani mwachigwira ndi zala ziŵiri pamwamba kuti muone pamene chikuima moongoka. Pamenepo ndiye pobaya singano. Ku mapeto a ulusi mangani kachidutswa ka mtengo wa machesi kuti mfundo isang'ambe pepala.

Kulinganiza: yambirani m'munsi

Apa ndi pamene ambiri amataya mtima, chifukwa amayamba ndi kamtengo kapamwamba, ndipo chilichonse chimene aonjeza m'munsi chimapendeketsa zonse. Nyumba imayambira pa maziko, chopachikanso chimayambira m'munsi.

Tengani kamtengo ka masentimita 20. Mangani nsomba imodzi ku mapeto aŵiri onse, ina ndi ulusi wa masentimita 10, ina ndi wa 15. Sanjikani kamtengoko pa chala chanu, nimukasendeze mpaka kagone mosapendekera. Pamenepo mangani ulusi. Ulusi umenewu mukaumange ku mapeto amodzi a kamtengo ka masentimita 30, ndipo ku mapeto enawo mulenjeke bwato. Funaninso pa chala malo olingana. Mudzapeza kuti malowo sali pakati, asendera ku mbali yolemera. Mangani ulusi pamenepo, muulumikize ku mapeto amodzi a kamtengo ka masentimita 40, ndipo ku mapeto enawo kukhale nkhwazi. Linganizaninso kachitatu. Dzuŵa litungidwe pa ulusi wopita kudenga, pamwamba pa zonse. Motero nsomba zili pansi, bwato pamwamba pao, nkhwazi m'mlengalenga, monga ikhalira nyanja m'maŵa. Pa mfundo iliyonse temani kamzere pa nsungwi, kapena dontheziranipo phala, kuti ulusi usaterereke.

Inu a Sitandade 7 ndi 8, pali samu pano. Tiyerekeze kuti kamtengo ka masentimita 30 kalibe kulemera kwake. Mbali imodzi kuli nsomba imodzi, mbali ina kuli ziŵiri zofanana nayo. Kodi ulusi umangidwe pati? Umangidwe pa masentimita 20 kuchokera ku nsomba imodzi ija, ndiye kuti masentimita 10 kuchokera ku ziŵirizo, pakuti 1 kuchulukitsa ndi 20 ndi chimodzimodzi 2 kuchulukitsa ndi 10. Lamulo limeneli adalilongosola Archimedes wa ku Syracuse zaka zoposa 200 Khristu asanabadwe. Msodzi wonyamula madengu aŵiri pa mtengo amalidziŵa ndi phewa lake, pakuti amasendeza mtengowo kuti dengu lolemera likhale pafupi ndi iye.

Nayinso samu ina. Pepala mukalipinda kamodzi limakhala ndi masamba 2, kaŵiri 4, katatu 8. Mukafika kasanu ndi kaŵiri masamba ndi 128, ndipo pepala wamba limakana kupindikanso. Mu 2002 mtsikana wina wa sukulu ku California adapinda pepala lopyapyala ka 12, koma pepalalo linali lalitali kuposa kilomita imodzi. Ŵerengerani nokha masamba amene adapeza.

Kumene tingapachike

Pepala ndi moto ndi adani. Chopachika chikhale kutali ndi koloboyi, kandulo ndi mbaula, makamaka m'nyumba ya denga la udzu. Chisayandikenso babu lamagetsi limene limatentha. Chikhale pamene pamapita kamphepo kayaziyazi. Mwera wa mu Juni ndi Julayi, kapena mpoto wa nthaŵi ya mvula, ungachipiringize usiku umodzi ngati chili pa khonde.

Amai amene muli ndi makanda, mwana wongobadwa kumene amaona bwino zinthu zapafupi, ndiponso zinthu zoyera ndi zakuda zoyandikana. Chopachika pamwamba pa mphasa imene amagonapo masana chimamuthandiza kutsata zinthu ndi maso. Koma chikhale patali poti dzanja lake silingafike, ndipo akayamba kudzuka ndi manja ndi maondo, pa miyezi ngati isanu, chikwezeni kapena chichotseni. Ulusi ungamuzinge m'khosi, ndipo kachidutswa ka machesi kangamutsamwe. Usiku agone m'neti, chopachika chili kunja kwa netiyo.

Aphunzitsi a Sande sukulu angathe kupanga ntchitoyi ndi ana ao, mwana aliyense nsomba yake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma asanapachike kanthu m'nyumba yopemphereramo ayambe afunsa abusa ndi akulu a mpingo. Chipinda chophunziriramo, holo kapena chipinda cha ana kuchipatala, mutapempha chilolezo, ndi malo oyenera.

Chifukwa ninji pepala?

Nyengo ya Khirisimasi ikafika, m'masitolo mumadzaza zokongoletsera zonyezimira za pulasitiki ndi zibaluni. Ndalama imene ikadagula makope a teremu yachiŵiri imathera pamenepo. Januwale asanathe zonsezo zili kudzala, mvula imazikokolola kupita nazo m'mitsinje, ndipo mitsinje imazitula m'nyanja ndi mu Shire. Zina zimamezedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo Bwalo Lalikulu la Apilo lidavomereza chiletsocho mu 2019, koma lamulo palokha silitola zinyalala pakhomo pa munthu. Chokongoletsera cha pepala, nsungwi ndi luzi chikatha ntchito chimaola m'nkhuti ya manyowa, kapena kukoleza moto wa phala la m'maŵa.

Phindu lina lili mwa mwana mwini wake. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu ndi odzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangagwire dzanja la mwana aliyense. Zala zimene zaphunzira kukumaniza ngodya ndi ngodya zimagwira bwino pensulo, singano ndi rula. Mwana amaphunzira kumva malangizo motsatana, choyamba chisanafike chachiŵiri. Amaphunziranso kuti mzere wopindidwa mwaulesi poyamba umapotoza nsomba yonse pomaliza. Akulu adati mmera mpoyamba. Ndipo pali ana ena amene mayeso olemba amaŵagwetsa chaka ndi chaka, koma pa pepala lopinda amaposa kalasi lonse. Mwana wotere akamva bambo wake akuuza mlendo kuti, "Icho chili kudengacho wapanga ndi mwana wangayu," amapeza chifukwa chobwerera kusukulu.

Makolo anzanga, nsomba yoyamba idzakhala yopotoka. Musailande m'manja mwa mwana kuti muikonze, mupatseni pepala lina. Kuona maso a nkhono nkudekha. Inu achinyamata a ku sekondale, musati izi ndi za ana. Sonkhanitsani ang'ono anu ndi ana a anansi, a mpingo uliwonse ndi a ku mzikiti omwe, pansi pa mtengo wa mango Loŵeruka masana, ndipo mudzaona ulemu umene adzakupatsani.

Ntchito ya mwezi uno ndi iyi: banja lililonse lipange chopachika chimodzi, ndipo aliyense wa m'nyumbamo, kuyambira agogo mpaka chitsiriza, aikepo kanthu kake. Amene abambo ao ali ku Joni, pindani nsomba imodzi m'dzina lao, muijambule pa foni nimuŵatumizire. Mukatha lemberani Mkonzi kutiuza m'mene zayendera, ndiponso yankho la samu ya mtsikana wa ku California ija. Mwezi wamaŵa, Mulungu akalola, tidzakambirana za kukuta mabuku ndi kusoka makope ong'ambika sukulu zisanatsegulire.

Tsalani bwino nonse.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa kunyanja